Mlendo Wafika ku Lichinga

Lichinga ndi mzinda wa pamwamba pa mapiri. Ndiwo likulu la cigawo ca Niassa, kumpoto kwa dziko la Moçambique. Alendo amafika mumzindawu tsiku ndi tsiku. Ena amadzagula nyemba. Ena amadzaona abale awo. Ena amadzagwira nchito. Ena amangodutsa pa ulendo wa kunyanja.

Mlendo amakhala ndi mafunso. Kodi kuno kuli ciyani coti munthu aone? Kodi mzinda uno unayamba liti? Kodi anthu a kuno amadya ciyani? Nthawi zina amafunsa mwana wa sukulu. Mwanayo akangoti "kaya", mlendo amabwerera osadziwa kanthu. Akafika kwawo amakanena kuti ku Niassa kulibe coona. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Nkhani iyi ikufotokoza zimene mwana wa ku Niassa angauze mlendo asanapite.

1. Njira zofikira ku Lichinga

Mlendo angafike ku Lichinga pa msewu, pa njanji kapena pa ndege.

Msewu waukulu umachedwa N13. Umacokera ku Nampula, ndipo umadutsa pa Cuamba ndi pa Mandimba. Kucokera ku Cuamba kufika ku Lichinga pali makilomita pafupifupi 300. Pa Mandimba pali malire a dziko la Malawi. Tsidya linalo ndi pa Chiponde. Alendo ambiri a ku Malawi amalowera pamenepo. Msewu wina umachedwa N14. Umapita kum'mawa, ku Marrupa.

Njanji imayambira ku doko la Nacala, pa nyanja yamcere. Ikafika pa Cuamba imapatuka n'kuyamba kukwera mapiri. Kucokera pa Cuamba kufika ku Lichinga njanjiyo ndi yaitali makilomita 262. Inafika mumzindawu mu 1969. Pambuyo pake inawonongeka cifukwa ca nkhondo ndiponso kusakonzedwa. Itakonzedwa, inatsegulidwanso mu 2016.

Bwalo la ndege lili pafupi ndi mzinda. Mlendo wocokera ku Maputo amakonda kubwera pa ndege, cifukwa pa msewu ndi ulendo wa masiku angapo.

2. Mzinda wozizira

Cinthu coyamba cimene mlendo amamva ndi cisanu. Mzinda wa Lichinga uli pamwamba kwambiri, mamita opitirira 1,300 kucokera pa nyanja yamcere. Munthu akamakwera phiri, mpweya umanka nuzizira. N'cifukwa cake ku Lichinga kumazizira kuposa ku Cuamba ndi ku Metangula.

Miyezi yozizira kwambiri ndi Juni ndi Julayi. M'mawa kumagwa nkhungu. Ana amapita ku sukulu atapinda manja m'khwapa. Madzulo banja lonse limaotha moto. Mlendo wobwera miyezi imeneyi asaiwale juzi ndi bulangete.

Mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala, ndipo imatha mu Epulo. Dothi la ku Lichinga ndi lofiira. Pa dzinja limasanduka matope. Pa cilimwe limasanduka fumbi. Nsapato za mlendo zimabwerera kwawo zitafiira.

Kuzungulira mzinda kuli mitengo ya paini ndi ya bulugamu. Mitengoyi sinamere yokha. Anthu anacita kubzala. Paini amakonda malo ozizira. Amapereka matabwa ndi mthunzi, ndipo mphepo ikamaomba masamba ake amalira ngati mluzu.

3. Zoona mumzinda

Pakati pa mzinda pali bwalo lozungulira. Dzina lake ndi Praça dos Liberados. Misewu imatuluka pa bwaloli ngati masipoko a njinga. Mlendo akasokera, abwerere pa bwalo n'kuyambanso ulendo wake.

Mumzinda muli maofesi a boma, cipatala cacikulu ca cigawo ndi masukulu ambiri. Muli chalichi cacikulu ca Akatolika ca São José. Muli machalichi a Anglican ndi a mipingo ina. Mulinso mizikiti yambiri. Lacisanu Asilamu amapita ku mzikiti. Lamulungu Akhristu amapita ku chalichi. Lolemba onse amakumana pa msika.

Msika ndiwo malo abwino koposa kwa mlendo. Pali msika wapakati, ndipo pali msika wa ku Chiuaula. Pa msika pali milu ya nyemba, mbatata, matimati ndi usipa. Pali zitenje, mphasa, makasu ndi zipangizo za njinga. Mlendo akachera khutu amamva zinenero zinayi: Ciyao, Cinyanja, Cimakua ndi Cipwitikizi.

Mzindawu uli ndi madera ake. Ena mwa maderawo ndi Sanjala, Namacula, Nzinje, Muchenga ndi Chiuaula. Mwana aliyense adziwe dzina la dera lake.

Kunja kwa mzinda kuli damu la Locumué. Madzi a m'mipope ya mumzinda amacokera kumeneko. Kulinso munda wa boma wochedwa Estação Agrária de Lichinga. Kumeneko akatswiri a ulimi amayesa mbewu za cimanga, nyemba ndi mbatata, kuti aone zimene zimabereka bwino m'dothi la ku Niassa.

4. Mbiri ya mzinda

Mzinda wa Lichinga si wakale kwambiri. Koma anthu anali m'dziko lino kalekale, mzinda usanamangidwe. Ayao ankakhala m'mapiri. Anyanja ankakhala m'mphepete mwa nyanja. Amakua ankakhala kum'mwera ndi kum'mawa.

Ayao ankadziwa kusula makasu, ndipo anali anthu a malonda. Ankayenda pansi milungu yambiri mpaka ku Kilwa, pa gombe la nyanja yamcere, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ankasenza minyanga ya njovu. Pobwerera ankatenga nsalu, mikanda ndi mcere. Ku gombeko ankakumana ndi Aswahili ndi Aluya. Ena mwa Aluyawo ankacokera kutali, ku mzinda wa Muscat m'dziko la Oman. Cipembedzo ca Cisilamu cinafika ku Niassa kudzera m'njira zimenezi.

M'njira zomwezo munadutsanso cinthu coipa. Anthu ankagwidwa m'midzi n'kukagulitsidwa ngati akapolo. Ambiri ankafera pa njira. Ana anasiyana ndi amayi awo, osaonananso. Mbiri imeneyi ndi yowawa, koma siyenera kubisidwa.

Mfumu yochuka ya Ayao inali Mataka. Likulu lake linali ku Muembe. Mu 1866 mzungu wa ku Scotland, David Livingstone, anafika kumeneko ndipo anapeza mudzi waukulu. Mafumu a dzina la Mataka anakana ulamuliro wa Apwitikizi zaka zambiri. Asilikali a Apwitikizi analanda Muembe mu 1912.

Kuyambira mu 1891, boma la Portugal linapereka dziko la Niassa kwa kampani yochedwa Companhia do Niassa. Kampaniyo inkakhometsa msonkho ndi kugwiritsa anthu nchito mokakamiza. Mabanja ambiri anathawira ku maiko amene lero ndi Malawi ndi Tanzania. Ulamuliro wa kampaniyo unatha mu 1929.

Mu 1931 Apwitikizi anayamba kumanga tauni pamwamba pa mapiriwa. Anaipatsa dzina lakuti Vila Cabral. José Cabral anali bwanamkubwa wa Moçambique pa nthawiyo. Pa 23 Seputembala 1962 tauniyo inakwezedwa kukhala mzinda. Mpaka lero anthu a ku Lichinga amakondwerera tsiku limeneli caka ndi caka.

Mu Seputembala 1964 nkhondo yomenyera ufulu inayamba. Ku Niassa inayambira ku Cóbuè, m'mphepete mwa nyanja. Mu Julayi 1968 gulu la FRELIMO linacita msonkhano wake waukulu waciwiri ku Matchedje, m'boma la Sanga, pafupi ndi mtsinje wa Rovuma. Mtsogoleri wa gululo, Eduardo Mondlane, anali pomwepo. Pa malopo pali cikumbutso cimene alendo amakaona.

Pa 25 Juni 1975 dziko la Moçambique linalandira ufulu. Pambuyo pake dzina lakuti Vila Cabral linacotsedwa, ndipo mzinda unachedwa Lichinga. Dzinali ndi la Ciyao. M'Ciyao mawuwa amanena za mpanda kapena khola.

Kenaka kunabuka nkhondo ina, ya pakati pa boma ndi gulu la RENAMO. Misewu inatsekeka. Mcere ndi sopo zinasowa. Anthu ambiri anathawa m'midzi. Ena anadza mumzinda, ena anaolokera ku Malawi. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992, pamene atsogoleri anasaina pangano ku Roma. Kucokera pamenepo mzinda wakula kwambiri. Pa kalembera wa mu 2017 munali anthu opitirira 200,000.

5. Ulendo wa kunyanja

Mlendo asabwerere asanaone nyanja. Ku Moçambique imachedwa nyanja ya Niassa. Ku Malawi imachedwa nyanja ya Malawi. Ku Tanzania imachedwa nyanja ya Nyasa. Maina ndi atatu, koma nyanja ndi imodzi.

Nyanjayi ndi yaitali makilomita opitirira 550. Pamene pali pakuya koposa pamafika mamita pafupifupi 700. Madzi ake alibe mcere. M'kati mwake muli mitundu mazanamazana ya nsomba. Mitundu yambiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Gombe lapafupi ndi Lichinga ndi Meponda, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Gombe lina ndi Metangula, likulu la boma la Lago, pa mtunda wa makilomita opitirira 100. Anthu amakwera chapa, ndiyo minibasi. Galimoto imatsika phiri mokhotakhota. Ikamatsika, cisanu cimatha ndipo thukuta limayamba. Mitengo ya paini imatsala kumbuyo. Kutsogolo kumaoneka milambe ndi mitengo ya mango.

Pafupi ndi Metangula pali Chuanga, gombe la mcenga woyera. Palinso Messumba, mishoni yakale ya Anglican. Ana ambiri a kunyanja anaphunzira kuwerenga Cinyanja kumeneko. Kumpoto kuli Cóbuè. Munthu akaima pa Cóbuè amaona cilumba ca Likoma. Cilumbaci cili pafupi ndi gombe la Moçambique, koma ndi ca dziko la Malawi.

Nyanja ndi yokongola, koma imafuna ulemu. M'miyezi yozizira kumaomba mphepo ya mwera. Mafunde amakula ndipo bwato likhoza kugubuduka. Pamene mtsinje umathira m'nyanja pamakhala ng'ona ndi mvuu. M'madzi odekha a m'mabango munthu angatenge likodzo. Mlendo afunse eni mudzi malo abwino osambira. Usiku agone m'neti cifukwa ca udzudzu.

6. Nkhalango ya nyama

Kutali kumpoto cakum'mawa kuli nkhalango yosungira nyama ya Niassa. Inakhazikitsidwa mu 1954. Ndiyo yaikulu koposa m'dziko la Moçambique. Mtsinje wa Lugenda umadutsa m'kati mwake. Muli njovu, mikango, njati, akambuku ndi mimbulu.

M'nkhalangoyo muli kambalame kochedwa nsadzu. Kamadziwa kumene kuli njuci. Alenje a uci a Ciyao ali ndi kaitanidwe kawokawo, ndipo kambalameko kamabwera. Kamauluka patsogolo, mlenje n'kumatsatira, mpaka pa mtengo wa njuci. Mlenje amatenga uci. Kambalame kamadya phula. Onse awiri amapindula.

7. Zakudya za kumapiri

Cakudya cacikulu ku Lichinga ndi nsima ya cimanga. Ayao amati ugali. Pa Cipwitikizi ca ku Moçambique amati xima. Amayi amatereka madzi, amaphika phala, amathira ufa n'kuvundula ndi mthiko. Nsima ikapsa amaomola ndi cipande.

Ndiwo yochuka ya kumapiri ndi nyemba. Nyemba zimakonda malo ozizira. Alimi a ku Lichinga, Sanga ndi Muembe amalima nyemba zambiri. Malole amazitenga kupita nazo ku Nampula ndi ku mizinda ina. Nyemba zimacedwa kupsa. Zikaviikidwa m'madzi usiku wonse, zimapsa msanga ndipo nkhuni zimatsalako.

Mbatata ya kacewere nayonso imakonda cisanu. Imabereka bwino kuno. Anthu amaiphika, amaikazinga, kapena amaisakaniza ndi nyemba. M'madimba mumamera kabichi, anyezi, matimati ndi mpiru. Nkhwani wotendera ndi nsinjiro amakoma ndi nsima.

Nyengo iliyonse ili ndi cakudya cake. Mvula ikayandikira, masuku amapsa m'thengo. Mvula ikagwa, kumatuluka ngumbi ndi bowa. Bowa wina ndi wakupha. Mwana asazule bowa yekha popanda munthu wamkulu. Cakumapeto kwa dzinja kumabwera cimanga caciwisi, maungu ndi nzimbe. M'mawa wozizira anthu amamwa tiyi ndi mbatata, cinangwa kapena buledi. Masana amamwa thobwa.

8. Zakudya za kunyanja

M'mphepete mwa nyanja anthu amalima kwambiri cinangwa. Amacisenda n'kuciviika m'madzi masiku angapo kuti ululu ucoke. Kenaka amaciyanika n'kucisinja. Nsima ya ufa umenewu ndi kondowole. Masamba a cinangwa amasinjidwa mu mtondo n'kuphikidwa. Ndiwo imeneyi ndi cigwada. M'madambo anthu amalimanso mpunga.

Nsomba za m'nyanja ndi zambiri. Pali cambo, kampango, ncheni, utaka ndi usipa. Usipa ndi waung'ono ngati cala. Asodzi amapita pa nyanja usiku ndi nyali. Usipa umatsata kuwala, ndipo asodzi amauzinga ndi ukonde wochedwa cilimira. M'mawa amauyanika pa thandala. Kampango amamuwamba pa moto kuti asaole.

Pali cakudya cina cimene cimadabwitsa alendo. Nthawi zina pa nyanja pamaoneka cinthu ngati utsi. Si utsi ayi. Ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka. Dzina lake ndi nkhungu, monga nkhungu ya m'mawa ija. Tikafika ku gombe, amayi amatikola ndi madengu. Amatiumba n'kutiphika, ndipo timakhala ndiwo.

Usipa wouma umakwera phiri m'matumba kupita ku msika wa Lichinga. Nyemba ndi mbatata zimatsika phiri kupita ku Metangula. Mlendo akadya nsima ya nyemba ndi usipa, wadya za kumapiri ndi za kunyanja m'mbale imodzi.

9. Zofunika kusamala

Zinthu zimene mlendo amadzaona zikhoza kutha. Moto wolusa umatentha mitengo. Mitengo ikatha m'phiri, mvula imakokolola dothi kupita nalo m'mitsinje ndi m'nyanja. Matope amakwirira malo amene nsomba zimaswera.

Anthu ena amasodza ndi neti ya udzudzu. Maso a netiyi ndi aang'ono kwambiri. Imakola ndi ana a nsomba omwe. Ana a nsomba akatha, caka camawa cambo cimasowa. Komanso kunyumba mwana amagona popanda neti, ndipo amadwala malungo. Neti ya udzudzu ndi ya pa mphasa, si ya pa nyanja.

Mu 2011 boma la Moçambique linalamula kuti mbali yake ya nyanjayi ikhale malo otetezedwa. Koma lamulo palokha silikwanira. Osunga nyanja ndi mapiri ndi anthu okhala pomwepo, akulu ndi ana omwe.

10. Kulandira mlendo

Mlendo akafika pakhomo amati, "Odi!" Mwana amayankha kuti, "Odini!" Amalandira katundu ndi manja awiri. Amayala mphasa kapena kupereka mpando. Kenaka amagwada n'kunena kuti, "Moni atate, mwayenda bwanji?" Akakhala mayi amati, "Moni amayi, mwayenda bwanji?" Akatero amakaitana makolo.

Moni ali m'zinenero zambiri. Pa Cinyanja amati, "Mwadzuka bwanji?" Pa Ciyao amati, "Ajimwice uli?" Pa Cipwitikizi amati, "Bom dia."

Cakudya cisanafike, mwana amabweretsa madzi osamba m'manja. Makolo amafunsa mlendo zimene sadya. Asilamu sadya nyama ya nkhumba, ndipo m'mwezi wa Ramadani sadya masana.

Pa njira pali lamulo lina. Mwana akhoza kuyankha mlendo mwaulemu. Akhoza kumulozera njira ya ku msika. Koma asakwere galimoto ya munthu wosamudziwa, ndipo asamuperekeze yekha. Aitane munthu wamkulu.

Naye mlendo ali ndi mbali yake. Apereke moni asanafunse njira. Apemphe asanajambule munthu. Akafika m'mudzi, ayambe waonekera kwa mfumu.

Mawu m'zinenero ziwiri

mlendo — hóspede
mzinda — cidade
phiri — montanha
nyanja — lago
msika — mercado
nyemba — feijão
nsomba — peixe
cisanu — frio

Mafunso

1. Kodi likulu la cigawo ca Niassa ndi mzinda uti?
2. N'cifukwa ciyani ku Lichinga kumazizira?
3. Kodi dzina lakale la Lichinga linali ciyani?
4. Chulani maina atatu a nyanja.
5. Chulani zakudya ziwiri za kumapiri ndi ziwiri za kunyanja.
6. N'cifukwa ciyani neti ya udzudzu siyenera kupita ku nyanja?
7. Mlendo akafuna kuperekezedwa, mwana acite ciyani?

Nchito

Jambulani mbale ya nsima ndi ndiwo ziwiri. Lembani dzina la ndiwo iliyonse. Pafupi ndi dzinalo jambulani phiri kapena nyanja, kusonyeza kumene ndiwoyo imacokera.

Kwa makolo

Nkhaniyi ndi yaitali kwa mwana wa kalasi yoyamba. Iwerengedwe pang'onopang'ono, gawo limodzi pa tsiku, madzulo pootha moto. Wamkulu awerenge mokweza, mwana abwereze maina a malo ndi a zakudya. Agogo afunsidwe kumene anali pa 25 Juni 1975 ndi pa 4 Okutobala 1992. Afunsidwenso dzina la phiri ndi la mtsinje wa pafupi ndi mudzi, ndi tanthauzo lake. Mwana akafotokoze ku sukulu zimene wamva.